Khansa ya m'mawere: chithandizo chimene chilipo ndi ulendo wokachipeza kuchokera ku Tsangano ndi Macanga

Khansa ya m'mawere imachizika ikapezeka msanga, koma sichizidwa ndi mankhwala amodzi ndipo sichizidwa pa ulendo umodzi wa kuchipatala. Mayi wa ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Chidzolomondo amene wauzidwa kuti chotupa cha m'bere mwake ndi khansa amakhala atayamba ulendo wa miyezi yosachepera 6, nthawi zambiri pafupifupi chaka chathunthu, ndipo ena amapitiriza kumwa mapiritsi kwa zaka 5 kapena kuposerapo. Chithandizochi chili ndi zigawo zingapo zimene zimatsatana monga zimatsatirana ntchito za m'munda. Amene wadumpha chigawo chimodzi angataye phindu la zigawo zonse zimene anavutika nazo kale.

Ku Mozambique, matendawa ndi achiwiri pa mitundu ya khansa imene imagwira amayi kwambiri, pambuyo pa khansa ya khomo la chiberekero. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2022 amayi okwana 2.3 miliyoni anapezeka ndi matendawa padziko lonse ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira. M'mayiko olemera, amayi oposa 90 mwa 100 aliwonse amakhala adakali moyo patatha zaka 5 chiwapezereni matendawa. Kuno sizili choncho, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi kuchedwa. Madokotala amene anatsatira amayi oposa 200 m'zipatala zazikulu za Maputo, Beira ndi Nampula kuyambira mu 2015 anapeza kuti pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse anafika matenda atakula kale kwambiri kapena atafalikira.

Poyambira: kudziwa chimene chili m'bere

Zotupa zambiri za m'mawere si khansa. Mayi woyamwitsa bere limatha kutupa, kutentha ndi kuchita mafinya chifukwa cha tizilombo, ndipo zimenezi zimatha ndi mankhwala. Atsikana ambiri amakhala ndi timibulu toyendayenda tosaopsa. Chimene chimanyenga anthu n'chakuti khansa ikamayamba kawirikawiri sipweteka. Imakhala kambulu kolimba kosasunthika bwino, kapena nsonga ya bere imalowa m'kati, kapena imatulutsa magazi, kapena khungu limachita timaenje ngati khungu la lalanje. Nthawi zina choyamba kuoneka ndi mwanabere m'khwapa. Amuna nawonso amadwala matendawa, ngakhale kuti ndi ochepa, pafupifupi mmodzi mwa odwala 100 aliwonse.

Kuyambira mu 2009, unduna wa zaumoyo unaphatikiza kuyeza mawere ndi khomo la chiberekero pa chithandizo cha zakulera, choncho malo oyamba kupita ndi kwa namwino wa amayi ndi ana pa centro de saúde, kaya ndi ku Furancungo, ku Tsangano kapena pa chipatala china chapafupi. Namwino akakayikira chotupacho amalemba kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu, imene pa Chipwitikizi amati guia de transferência. Kalatayi imamufikitsa ku Hospital Rural de Ulónguè m'boma la Angónia kapena ku Hospital Provincial de Tete. Kumeneko bere limaunikidwa, ndipo amatenga kachidutswa ka chotupacho ndi singano. Kuyeza kumeneku ndi kumene amati biópsia. Kachidutswako kamaonedwa ndi akatswiri pa makina okulitsa zinthu, ndipo akatswiri oterewa amapezeka m'zipatala zazikulu monga Hospital Central da Beira.

Zotsatira sizibwera tsiku lomwelo; zimatha kutenga masabata angapo. Anthu ambiri amatayika pa nthawi yodikirayi. Kanthu kakang'ono koma kofunika kwa anthu a m'malire: ambiri amayenda ndi nambala ya foni ya ku Malawi chifukwa ndiyo imagwira kumudzi kwawo. Kuchipatala ndi bwino kusiyanso nambala ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel ya munthu wodalirika, ndi kufunsa tsiku lenileni lobwerera m'malo modikira kuitanidwa. WHO imalimbikitsa kuti kuchokera tsiku limene mayi waonekera koyamba kuchipatala kufika tsiku lodziwa zotsatira pasadutse masiku 60. Ndiye kuti chotupa chopezeka mu Disembala sichiyenera kudikira ndalama za fodya za mu Meyi kapena Juni.

Zotsatirazo zimayankha mafunso awiri. Loyamba: matenda afika pati? Pa gawo 1 ndi gawo 2 chotupa chimakhala chidakali m'bere kapena changofika m'khwapa. Pa gawo 3 chimakhala chachikulu, chagwira khungu kapena chifuwa, kapena anabere a m'khwapa agwidwa ambiri. Pa gawo 4 khansa yafika kutali, m'mafupa, m'mapapo, m'chiwindi kapena mu ubongo. Lachiwiri: ndi khansa ya mtundu wanji? Ina imakula podalira homoni yachikazi yotchedwa estrogen. Ina ili ndi chizindikiro chotchedwa HER2 ndipo imakula mofulumira. Ina ilibe zonsezi. Pa amayi a m'kafukufuku uja, pafupifupi theka anali ndi mtundu wodalira homoni wopanda HER2, ndipo otsalawo anagawikana pafupifupi mofanana pakati pa mitundu inayo. N'chifukwa chake amayi awiri ochokera m'mudzi umodzi angalandire chithandizo chosiyana popanda wina kukonderedwa.

Opaleshoni

Kwa khansa imene sinafalikire, opaleshoni ndiyo mzati wa chithandizo chonse. Pali njira ziwiri. Dokotala angachotse bere lonse pamodzi ndi anabere a m'khwapa, zimene pa mapepala a chipatala zimalembedwa kuti mastectomia. Kapena angachotse chotupa chokha ndi mnofu wozungulira n'kusiya bere. Njira yachiwiriyi imatheka chotupa chikakhala chaching'ono, ndipo imafuna kuti pambuyo pake bere liwotchedwe ndi cheza champhamvu kuti khansa isaphukirenso. Popeza amayi ambiri amafika chotupa chitakula, komanso makina a cheza ali kutali, madokotala kawirikawiri amasankha kuchotsa bere lonse. Mayi ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene asankhira njirayo opaleshoni isanachitike.

M'midzi mumamveka mawu akuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imakalipa n'kufalikira thupi lonse. Mawuwa ali ndi pochokera. Anthu anaona achibale awo akuchitidwa opaleshoni n'kumwalira patangopita miyezi. Koma chimene chinachitika n'chakuti matenda anali atafika kale m'mapapo kapena m'mafupa mosaoneka wodwalayo asanafike m'manja mwa dokotala. Mpeni unafika mochedwa, sunabweretse imfayo. Chimene chimaonongadi ndi kutema mphini pa chotupa, kuchifinya kapena kupakapo mankhwala otentha. Zimenezi zimatsegula bala limene silipola, zimalowetsa tizilombo, ndipo zimadya miyezi imene ikanapulumutsa munthu.

Pambuyo pa opaleshoni pamakhala kapaipi kotulutsa madzi pabala kwa masiku angapo. Mkono wa mbali imeneyo umauma ngati suyendetsedwa, choncho anamwino amaphunzitsa kuutambasula pang'onopang'ono, monga kukwawitsa zala pakhoma tsiku ndi tsiku mpaka mkono uzifika pamwamba. Khasu, musi ndi chidebe cha madzi zidikire masabata 4 mpaka 6, kapena mpaka dokotala atavomereza. Mayi amatha kubwerera kumunda akachira, koma mkono umene anachotsa anabere umafuna kusamalidwa moyo wake wonse, chifukwa sulimbana bwino ndi tizilombo ndipo umatha kutupa ngakhale patapita zaka. Kudzicheka pokumba mbatata ya kachewere, kubayidwa ndi singano posoka fodya, kupsa pamoto: kabala kalikonse katsukidwe ndi sopo nthawi yomweyo. Mkono ukafiira, ukatentha kapena ukayamba kulemera, apite kuchipatala osazengereza.

Mankhwala a m'dripi

Opaleshoni imachotsa zimene maso akuona. Timbewu ta khansa timene tinalowa kale m'magazi timafuna mankhwala oyenda thupi lonse, amene kuchipatala amati quimioterapia. Amalowa m'mitsempha kudzera m'dripi, imene ambiri amaidziwa kuti soro. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi doxorubicin, cyclophosphamide ndi paclitaxel. Kawirikawiri amaperekedwa kamodzi pa masabata atatu aliwonse, maulendo 6 mpaka 8, ndipo zonse zimatenga miyezi 4 mpaka 6. Tsiku lililonse la dripi amayamba ayeza magazi. Asilikali a m'thupi akachepa kwambiri, tsikulo amalisuntha.

Chotupa chikakhala chachikulu, madokotala amayamba ndi dripi kuti chiphwe, opaleshoni n'kubwera pambuyo. Pamenepa pali msampha umene wagwira mabanja ambiri. Pakatha maulendo atatu kapena anayi chotupa chimachepa, nthawi zina osamvekanso n'komwe pochikhudza. Ndalama zatha, mvula yagwa, fodya akufuna kuokera, ndipo banja limati amayi achira. Khansa yotere imabwerera, ndipo ikabwerera imakhala yovuta kuposa poyamba. Kuphwa kwa chotupa kumangosonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito ndipo opaleshoni tsopano itheka bwino.

Mankhwalawa ndi owawa ndithu, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi. Amabweretsa nseru, kusanza, kufooka ndi zilonda m'kamwa. Tsitsi limathothoka pakatha masabata awiri kapena atatu, koma limameranso chithandizo chikatha. Zikhadabo zimada. Doxorubicin ndi wofiira ndipo amafiiritsa mkodzo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Amenewo si magazi. Paclitaxel amachititsa dzanzi m'zala ndi m'mapazi. Msambo umatha kuima, kwa ena kwa kanthawi, kwa ena osabwereranso. Mankhwala oletsa kusanza alipo ndipo wodwala aziwapempha. Phala, nsima yofewa, nyemba, mazira, nthochi ndi madzi owiritsa zimathandiza thupi kupirira. Palibe chakudya chimene chimachiza khansa, ndipo palibe chifukwa chosalira nyama, mkaka kapena mafuta.

Choopsa chenicheni ndi kutentha thupi. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni dripi, asilikali a m'thupi amakhala atatsika kwambiri, ndipo matenda aang'ono angaphe munthu m'masiku awiri. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena wodwala akamanjenjemera ndi kuzizidwa, si nthawi yogula mapiritsi a malungo pamsika kapena yodikira kuti kuche kawiri. Apite tsiku lomwelo pa chipatala chapafupi ndipo anene poyambirira kuti ali pa quimioterapia. Kugona m'neti pa miyezi imeneyi n'kofunika kuposa nthawi ina iliyonse.

Cheza champhamvu

Radioterapia ndi kulunjikitsa cheza champhamvu pamalo pamene panali chotupa kuti zotsalira zife. Anthu amati kuwotcha, koma palibe moto ndipo wodwala samva kupweteka ali pa makinawo. Amagona kwa mphindi zochepa, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata 3 mpaka 5. Khungu limada ndi kuyabwa ngati lapsa ndi dzuwa, kenako limachira. Munthu amene walandira chezachi saopsa kwa ana kapena kwa mwamuna wake.

Makina oyamba otere m'dziko muno anatsegulidwa mu 2019 ku Hospital Central de Maputo, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera mumzinda wa Tete. Chaka chimenecho chisanafike, wofuna cheza ankayenera kutuluka kunja kwa dziko. Si wodwala aliyense amene amafunika kupita ku Maputo. Cheza chimafunika kwa amene anasiyiridwa bere, kwa amene chotupa chinali chachikulu, ndi kwa amene khansa inapezeka m'anabere a m'khwapa. Mayi amene wafika chotupa chidakali chaching'ono n'kuchotsedwa bere lonse nthawi zambiri ulendo wautaliwu umamupitirira.

Chipatala chomwecho cha Maputo chinaonetsa kuti kutsatana bwino kwa zigawozi kumapulumutsa anthu. Mu 2016 madokotala a opaleshoni, a mankhwala a khansa ndi oyeza zotupa anayamba kukhala pamodzi n'kumagwirizana za wodwala aliyense payekha. Dongosololi lisanayambe, amayi pafupifupi 45 mwa 100 ndiwo anali moyo patatha zaka 3. Litayamba, chiwerengerocho chinafika pafupifupi 63.

Mapiritsi a zaka 5

Kwa khansa yodalira homoni pali chithandizo chosavuta kunyamula kupita nacho kumudzi: piritsi limodzi la tamoxifen la 20 mg tsiku lililonse kwa zaka 5, ena mpaka zaka 10. Amayi amene anasiya kusamba angapatsidwe anastrozole kapena letrozole m'malo mwake. Mapiritsiwa amachepetsa kwambiri mpata woti khansa ibwerere, koma popeza womwayo amadzimva kuti ali bwino, ndiwo amasiyidwa msanga. Ndi nzeru kukatenga ena akale asanathe, makamaka Januwale ndi Febuluwale asanafike, pamene misewu ya kumapiri imavuta. Tamoxifen amabweretsa kutentha kwadzidzidzi m'thupi ndi thukuta usiku. Zimenezi sizoopsa. Zofunika kuthamangira kuchipatala ndi kutaya magazi kumaliseche mosayembekezereka, kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi, kapena kubanika mwadzidzidzi.

Kwa khansa ya HER2 pali mankhwala otchedwa trastuzumab, operekedwa kwa pafupifupi chaka chimodzi. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015, koma ndi okwera mtengo ndipo sapezeka paliponse. Ngakhale popanda iwo, opaleshoni ndi dripi zimathandizabe.

Amene ali ndi HIV, oyembekezera ndi oyamwitsa

Mayi amene ali pa ma ARV, amene zipatala za kuno zimati TARV, sayenera kuwasiya. Amalandira chithandizo cha khansa monga wina aliyense, koma dokotala adziwe mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo a TB ndi azitsamba, chifukwa ena amasokonezana ndi mankhwala a m'dripi. Kukhala ndi pakati sikuletsa kuyeza chotupa kapena kuchita opaleshoni. Dripi siperekedwa m'miyezi itatu yoyamba ya pakati koma imatheka pambuyo pake, pamene cheza ndi tamoxifen zimadikira mwana abadwe. Woyamwitsa amasiya kuyamwitsa nthawi yonse imene ali pa dripi kapena pa tamoxifen. Pa nthawi ya chithandizo mayi asatenge pakati, ndipo njira zolera za mahomoni monga jakisoni, mapiritsi ndi zoika pamkono sizimuyenera. Lupu yopanda mahomoni kapena makondomu ndiye zoyenera. Akachira ndipo dokotala akavomereza, amayi ena amabereka n'kuyamwitsa ndi bere lotsalalo.

Matenda akafalikira

Pa gawo 4 khansa sichizika, koma chithandizo sichithera pamenepo. Mapiritsi a mahomoni kapena dripi zimatha kuibweza m'mbuyo kwa miyezi kapena zaka, ndipo cheza cha masiku ochepa chimachepetsa ululu wa m'mafupa. Ululu waukulu umagonja ndi morphine akamamwedwa pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe wabwerera. Morphine safupikitsa moyo akaperekedwa motsatira malangizo. Amalimbitsa m'mimba, choncho amafuna mankhwala ofewetsa chimbudzi. Bala lotuluka fungo limatsukidwa ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, ndipo anamwino amagwiritsa ntchito ufa wa mapiritsi a metronidazole pothetsa fungolo. Khansa sipatsirana. Palibe chifukwa chomupatulira wodwala mbale yake kapena kumugoneka kukhitchini.

Malire, mapepala ndi ndalama

Anthu a ku Tsangano ndi Macanga anazolowera kuoloka malire. Kwa wokhala pafupi ndi Biriwiri, chipatala cha Ntcheu chili pafupi kuposa Tete, ndipo ambiri ali ndi abale ku Dedza, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kumene zipatala za Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth zimathandiza odwala khansa. Vuto limabwera pamene wodwala wayamba mbali ina n'kukapitiriza mbali ina wopanda mapepala. Dokotala watsopanoyo sangadziwe kuti walandira mankhwala ati ndiponso kangati, ndipo doxorubicin ali ndi mlingo umene munthu sayenera kupitirira pa moyo wake wonse chifukwa amafooketsa mtima. Zotsatira za biópsia, lipoti la opaleshoni ndi khadi la masiku a dripi zisungidwe m'pepala lapulasitiki limodzi, ndipo wachibale amene ali ndi foni azijambule. Ngati n'kotheka, chithandizo chithere kumene chinayambira.

Chimene chimagwetsa mabanja ambiri ndi ndalama za chapa, chakudya ndi pogona, za anthu awiri, maulendo 8 kapena 10. N'chifukwa chake nkhaniyi siyenera kutsala pakati pa mayi ndi mwamuna wake okha. Mwinimbumba, alongo ake ndi a mpingo akhale pansi poyambirira, dokotala atangonena dongosolo, n'kuwerengera ulendo wonse mpaka kumapeto: ndani aziperekeza, ndani atsale ndi ana, ndani apalire munda, mbuzi iti kapena matumba angati a mbatata asungidwe kuti adzagulitsidwe pa mwezi wachinayi ndi wachisanu, pamene ndalama zoyamba zija zidzakhale zitatha. Zipatala zikuluzikulu zili ndi ofesi ya acção social, ndipo ovutika ayenera kukadzionetsa kumeneko. Wodwala amene samva bwino Chipwitikizi apite ndi womasulira amene amamukhulupirira, ndipo asachoke m'chipinda cha dokotala asanamve tsiku lobwerera.

Chithandizo chikatha, mayi amabwerera kukaonedwa pa miyezi 3 mpaka 6 iliyonse m'zaka zoyambirira, kenako kamodzi pachaka. Mwezi uliwonse azidzikhudza yekha pa chipsera, m'khwapa, pamwamba pa fupa la m'khosi ndi bere lotsalalo. Kambulu katsopano, chifuwa chosatha, msana kapena fupa lopweteka masabata angapo osasiya, maso achikasu kapena mutu wosamva mankhwala ndi zifukwa zobwerera kuchipatala tsiku lolembedwa pakhadi lisanakwane. Ana ake aakazi ndi abale ake obadwa nawo mimba imodzi adziwitse namwino za matendawa akamapita kukayezetsa, makamaka ngati anamugwira asanakwanitse zaka 50.